Tsiku limene ndinaingitsa mbalame za eni ake

Ku Joni ine sindinapite kukaona dziko, ndinapita kukatenga mwamuna wanga. Chinali chaka chotsatira chija tinavotera matipate. Bambo a ana anga anali atachona kalekale, moti mwana amene anamusiya ali kumsana anali atayamba kufunsiridwa.

Ndisanakwere basi, mlongo wanga wamkulu, amene amayang'anira minda ya mbumba yathu ku Bwanje, anandiuza mosabisa. Anati mvula yoyamba ikagwa ine kulibe, munda wanga wa mapira wa kudambo aupereka kwa mwana wa mng'ono wanga, poti munda sudikira munthu. Ndinati ndibwera msanga, ndi mlamu wanu yemwe.

Bambowo ndinawapeza ku Tlhabane, m'kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa Chitswana. Kumgodi anali atawaleketsa chifukwa cha chifuwa. Anandilandira bwino, anandigulira nsapato ndi bulangete lolemera. Koma ndikafunsa kuti tinyamuka liti, yankho linali limodzi.

"Kusasa, mayi."

Ndiye kuti mawa, m'chilankhulo chawo cha kumgodi. Kusasa ameneyo anandidyera miyezi iwiri.

Munthu wozolowera khasu mukamutsekera m'chipinda amasanduka nkhuku yofuna poikira. Ndinkasesa kachipindako katatu pa tsiku. Ndinasesa pabwalo pa mwini nyumba mpaka anandibisira tsache. Ndikatuluka, maso kumwamba, pamwamba pa milu ya dothi la kumgodi, kuona ngati mitambo yayamba kusonkhana. Pakamwa panga napo sipankapuma. Pa tiyi, tipita liti. Akamamanga nsapato, tipita liti.

Loweruka lina m'mawa anati, "Valani, mukaone kumene ndimagwira ganyu."

Tinakwera tekisi mpaka m'tauni, kenaka wapansi. Panjira anaima katatu, amvekere akundionetsa nyumba za azungu. Tinafika pampanda wa waya, mlonda wa pachipata n'kuwapatsa moni kuti madala. M'katimo munali kadziwe kakang'ono, koti kwathu ana angakaphwetse ndi mbale tsiku limodzi pofuna milamba. Kanazunguliridwa ndi bango, ndi kanjira kosesedwa bwino. Bambowo ndiwo ankatola mapepala m'kanjirako masiku awiri pa sabata.

Tisanalowe anandigwira mkono.

"Kuno salankhula. Mbalame zimathawa."

Apo ndiye ndinawazindikira. Joni yense uja, anandisankhira malo amodzi amene sindingafunse za ulendo.

Kumapeto kwa kanjirako kunali kanyumba kamatabwa pamwamba pa madzi, kokhala ndi kazenera kopyapyala. M'katimo munakhala azungu awiri okalamba, mwamuna ndi mkazi wake, magalasi oonera patali ali kumaso, kabuku pamwendo.

"Ichi ndi chilindo," ndinanong'ona. "Akulondera chiyani, popanda munda?"

"Sakulondera. Akungoona."

"Akaona amadya?"

"Amalemba m'buku. Khalani chete."

Ndinakhala, n'kusuzumira pakazenera. Kakowa anaima m'madzi ndi mwendo umodzi ngati alibe kwawo. Nantchengwa ankafufuza m'matope. Kenaka ndinaona atchete pabango, achikasu mbee, ali kalikiliki kuluka zisa. Kwathu atchete akayamba kuluka, munthu amene sanasose amachita manyazi. Ndinawatsina bambowo pantchafu n'kuwalozera. Anayang'ana kumbali.

Mzungu wamkazi uja anali atapeza kambalame kena kobiriwira pa tsekera, akukodola mwamuna wake pang'onopang'ono, osapuma n'komwe. Nthawi yomweyo kunabwera mpheta. Zinabwera gulu, ngati utsi, n'kutera pa udzu wa m'mbali mwa madzi, umene unali ndi ngala zofiirira ngati za mapira.

Sindinaganize ayi. Thupi linadzuka lokha. Ndinaomba m'manja, ndinamenya thabwa la pazenera, ndinakuwa mmene ndakhala ndikukuwira kuyambira ndili kamtsikana: "Waaa! Waaa!"

Dziwe lonse linanyamuka. Mpheta, atchete, kakowa, ndi kobiriwira kaja komwe. Panatsala madzi okha akugwedezeka.

Mzungu wamwamuna anatseka kabuku kake. Mkazi wake anandiyang'ana ngati ndaswa mbale m'tchalitchi. Bambo a ana anga anavula chipewa, anapepesa m'chilankhulo cha eni akewo, n'kundikokera kunja. Ndinachita mantha kuti ganyu yawathera. Ndisaname, mbali ina ya mtima inkati ithe.

Tinafika pamtengo wa minga, n'kukhala pansi. Ndinadikira kukalipiridwa. M'malo mwake mapewa awo anayamba kunjenjemera, anali kuseka. Anaseka mpaka kuseka kunasanduka chifuwa, ndipo anatsokomola nthawi yaitali, ine ndikuwasisita kumsana. Mafupa onse ndinkawamva m'dzanja.

"Mwaona?" anatero atapeza mpweya. "Munjira muja ndinaima katatu. Mumayesa ndimakuonetsani nyumba. Khasu sindingalithe, mayi. Ndikafika kumudzi kwanu, alamu anga adzati mkamwini wathu wabwera ndi chiyani? Tchona wabwera ndi chifuwa, kudzatha nkhokwe."

Miyezi iwiri ndinkafunsa kuti liti. Kufunsa kuti chifukwa chiyani sindinakuganizire.

"Wakupemphani khasu ndani?" ndinati. "Zaka zonsezi amalima ndani? Chimene chimandisowa ine ndi munthu wokhala pachilindo. Ndikangochoka kukatunga madzi, mpheta zimandithera mapira. Inu kukhala m'kanyumba maso ali pambalame mwaphunzira kale kwa azungu anuwa."

"Kukuwa ngati inu sindingathe."

"Ngati ine palibe angathe. Pali chingwe cha zitini. Mumangokoka."

Anathyola kaudzu n'kumakatafuna. Mbalame zinayamba kubwerera imodziimodzi, atchete patsogolo. Kuseri kwa mapiri kunali mtambo umodzi wakuda kumimba, ndipo tonse tinauona.

"Basi ya kwathu imanyamuka Lachinayi," anatero. Kusasa sanamutchule.

Lachinayi loyamba tinalephera, poti ankatsanzikana ndi machona anzawo, aliyense akuwapatsira kalata ndi kaphukusi. Tinanyamuka lachiwiri lake. Titadutsa Mwanza ndinaona pazenera kuti dothi ndi lonyowa, ndipo kuyambira pamenepo sindinakhalenso bwino pampando. Tinapeza mvula itagwa masiku anayi apitawo. Mlongo wanga sanali munthu wobweza mawu: mwana wa mng'ono wanga anali atadzala kale mbali ya kumunsi, yachonde. Ine anandisiyira ya kumtunda. Ndinalankhula sabata yathunthu, koma mbewu yomera siizulidwa.

Chilindo ndinawamangira, chingwe cha zitini ndinachikoka mpaka kumalire. Anakhalapo zaka zitatu, zimene Mulungu anawasiyira. Koma ndikuuzeni, mlonda woipa ngati uja sindinamuonepo. Ndinkabwera kuchokera kuchitsime n'kupeza mpheta zili mbwee pamapira, chingwe chili pansi, iwo atagwira chibwano.

"Bambo, kokani chingwecho!"

"Dikirani pang'ono, mayi. Pali ina ya kumaso kofiira, sindinaionetsetse."