Mawu a NyaMtonga m'chigafa cha fodya

Ntchito yanga yoyamba inandipeza ndili m'kabuthu kotumizira ndalama pa msika wa Lundazi. Ndinali nditamaliza kosi ya makompyuta ku Chipata, koma satifiketi inkangodya fumbi m'sutikesi. Tsiku lina kunabwera bambo wa ku Lusaka, a Mulenga, foni yawo itauma. Ndikuitokosa anandifunsa ngati Chitumbuka ndimachimva. Ndinati ndinayamwa chimenecho, amayi anga ndi a konkuno. "Ndiye ubwele Mande," anatero, ngati akuitanitsa tomato.

Kampani yawo inali yaing'ono. Inkapanga pulogalamu ya pafoni yoti anthu osamalira odwala kunyumba azisimbiramo zomwe amakumana nazo, kuti azaumoyo adziwe pothandiza. Olemba pulogalamuyo anali ku Lusaka. Ine ntchito yanga inali kuyenda m'midzi, kuyesa zomwe apanga, ndi kuwauza pomwe zikukanika. Zithunzi za sikirini ndinkayamba ndazijambula pa makatoni a sopo, n'kuwapatsa amayi kuti aloze pomwe angadinde. Kulemba tinakusiya msanga, chifukwa munthu amene wachapa zofunda za wodwala kuyambira m'mawa sangakhale pansi kusakasaka zilembo. Tinasankha mawu. Batani lofiira lalikulu linali lojambulira, lobiriwira lokhala ndi khutu linali lomvetsera. Kachithunzi ka bini kofufutira tinakachotsa, poti aliyense ankati ndi nkhokwe, ndipo ankadinda pomwepo pofuna kusunga.

Kumidzi yambiri netiweki ndi yochita kukwerera pa chulu, choncho mawu ankadikira m'foni mpaka ine nditabwera ndi laputopu ndi kebulo. Mafoni otchipa aja sankachedwa kudzaza, ndiye a ku Lusaka anakonza kuti mawuwo azisungidwa pa memole khadi. Tonse tinaiombera m'manja nzeru imeneyo.

Mwa amayi amene ndinawalowetsa m'pulogalamuyi munali NyaMtonga, wokwatiwa kubanja la a Zimba, dera la Kapichila. Apongozi ake aamuna anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo akazi awo anali atamwalira kale. Pakhomopo foni inali imodzi, ya mwamuna wake Yotamu. Iye anavomera mosavuta, akuganiza kuti mwina m'tsogolo mutuluka njinga ya olumala. NyaMtonga ndinamuuza mawu amene ndinaphunzitsidwa, ndipo ndinkawakhulupirira: zomwe mulankhule zidzamvedwa ku Lusaka kokha, dzina lanu litachotsedwa.

Amene sadziwa za kuno adziwe kuti mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayandikira atatavyala, bambo wa mwamuna wake. Amagwada chapatali, mbale amaisiya pansi, maso sakumana. Zolowa m'chipinda chawo n'zosayerekeza n'komwe.

Ndinabwererako nyengo yosankha fodya, pa njinga yamoto, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Banja lonse ndinalipeza m'chigafa, masamba ali m'milu, ena akusankha ena akumanga. Panali Yotamu, abale ake, anansi obwera kudzathandiza, ndi ankhazi ake, mlongo wa mdala wodwalayo, mayi woti akatsokomola ana amasiya kusewera. NyaMtonga anali kumapeto, mwana ali kumsana. Foni ija inali itapachikidwa pa mtanda pamodzi ndi kasipika ka bulutufi, ikuimba nyimbo za kwaya.

"Monire mose," ndinapereka moni.

"Yewo, asisita. Khalani, foni mutenge nyimbo iyi ikasila," anatero Yotamu.

Ndinakhala pa thumba. Nyimbo inatha. Kenaka m'sipika munamveka tambala, kupuma kwa munthu, ndi mawu amene ndinawazindikira nthawi yomweyo. Choimbira nyimbo cha m'foni chinali chitatola chilichonse chomveka pa memole khadi, n'kuchisakaniza ndi kwaya.

"Nikambe chilungamo, poti mwati kulibe azamva kuno," anatero mawu a NyaMtonga. "Atatavyala nimawasambika ni ine. Awisi mwana akangena mu nyumba asanza na fungo, basi achoka. Ku abale akamba ati ni iwo asambika. Ine niyembekeza onse ayende ku munda, navalako chitseko, nawavula, nawapukuta. Niyang'ana kumbali, naonso ayang'ana kumbali, alila. Nalema chomene. Koma ningawaleke agone mu matuvi?"

Ndinadzambatuka pa thumba paja. Koma pamene ndinkadumpha milu ya fodya kukafika pa mtanda paja, zofunika zonse zinali zitamveka. Ndinazimitsa sipika. Anthu anangogwira masamba m'manja osadziwa powaika. Anansi anayamba kutuluka mmodzimmodzi, wina akuti akukaona mbuzi.

Ndinkayembekeza kuti maso onse apita kwa Yotamu, "awisi mwana" uja, wonamiza abale kuti amasambitsa atate ake ndi iye. Ayi ndithu. Ankhazi anatembenukira kwa NyaMtonga.

"Iwe mkamwana, waona chivula cha adumbu ŵane?" anafunsa motsitsa mawu. Ankatanthauza umaliseche wa mlongo wawo.

NyaMtonga anagwada. Yotamu anali ataweramira tsamba limodzi, akuliwongola ngati ndi lomwe ligule fetereza wa chaka chonse. Ndinadikira kuti atsegule pakamwa, anene kuti ndine ndinamusiyira ntchitoyi. Mpaka lero ndikadadikirabe.

Ndinayesa kulowererapo. Ndinati cholakwa ndi cha pulogalamu yathu, mawuwa sanayenera kumveka. Ankhazi anandiyang'ana kuyambira ku nsapato.

"Foni ndiye inamuvula munthu? Imwe tengani vinthu vanu muziyenda."

Asanandithamangitse kachiwiri ndinamva chigamulo: mkamwana apite kwao ku Mphamba mpaka akuluakulu a mbali zonse atakhala pansi. NyaMtonga anadutsa pafupi nane akupita kukamanga katundu. Sanakalipe. Anangoti, "Asisita, munati ku Lusaka chabe." Bola akanandimenya mbama.

Nditafika pamene netiweki imagwira ndinaimbira a Mulenga, ndikulira ndi ukali womwe. Anamvetsera, kenaka anafunsa, "Koma si anavomela kujambulidwa?" Ndinatsala pang'ono kuponya foni m'munda wa mtedza. Ndinawauza kuti anavomera kumvedwa ndi alendo osamudziwa, osati ndi ankhazi a mwamuna wake. Apo anati, "Zimitsa zonse. Yenda foni na foni."

Sabata imeneyo ndinazungulira midzi yonse kuchotsa mawu pa mamemole khadi, mtima uli m'mwamba pakhomo lililonse. Ndi pamene ndinaona bwino moyo wa foni ya kumudzi. Imagona kwa wotchaja pa sola, imapita kumsika kukaikidwa nyimbo, ana amaonerapo mavidiyo, mwamuna amapita nayo ku mowa. Ife tinkajambula sikirini tikuganiza za munthu mmodzi ndi foni yake, chinthu chomwe kuno n'chosowa.

Pulogalamu tinaiphwasula n'kuyambiranso. Mawu tsopano amasungidwa otsekedwa m'kati mwa pulogalamu momwemo, moti choimbira nyimbo sichiwaona, ndipo akangotumizidwa amafufutika. Batani lomvetsera limafuna nambala yachinsinsi. M'mafoni a mabanja tinasiyiratu kuikamo. Mlangizi wa zaumoyo amabwera ndi foni ya ntchito, mayi n'kusankha yekha malo olankhulira. Funso loyamba silikhalanso la wodwala. Timayamba ndi kufunsa kuti, ndani amene simukufuna kuti amve zimenezi? Ndagwira ntchito zina zambiri kuchokera pamenepo, ndipo sindijambula batani ndisanadziwe manja onse amene foniyo imadutsamo. Sindilonjezanso chinsinsi chimene sindinachiyese ndekha.

Koma zonsezo zinathandiza ena, osati NyaMtonga. Patapita miyezi ndinakamuona ku Mphamba, ndikuchita manyazi ngati wakuba nkhuku. Ndinamupeza akusenda mtedza pakhonde la amayi ake. Anandiuza kuti akuluakulu anakhala pansi, ndipo anagamula kuti abwerere ku banja, koma abale ake apereke mbuzi yopepesera mdala uja ndi mtundu wake. Abale akewo mbuzi anali ataipeza kale, ili pachingwe kuseri kwa nyumba.

Ndinapuma, ndikuti basi zatha bwino. Ndinafunsa kuti anyamuka liti.

"Siniyenda," anatero, osasiya kusenda. "Nachapa matuvi ya atate awo chaka chonse, mwana wawo ali pa mthunzi. Lelo nipelekenso mbuzi? Aisunge nyumba yawo. Yotamu aphunzile kugwila sopo."