Mkulu Wodana ndi Wotchi ya Pabwalo

Pabwalo la besibolo, masewera omenya mpira ndi ndodo, mumzinda wa Toledo palibe amene sawadziwa bambo aja anapuma pa ntchito yoyendetsa basi. Amafika anthu onse asanabwere, chipewa chothetheka chili kumutu, n'kuyamba kulalatira wotchi imene anaikapo kuti woponya mpira asamachedwe. "Moyo wanga wonse ndathamangitsana ndi nthawi," amatero, "lero inditsatirenso kuno?" Achinyamata akawanyogodola kuti masewera akale ankagonetsa tulo, iwo amayankha kuti tulo timeneto ndiye tinali tokoma. Nkhani ya matimu obera zizindikiro zachinsinsi zimene anzawo amapatsana posewera imawaseketsa mpaka kutsokomola: "Kale anthu ankaba mwaulemu."

Koma chimene chimawawawa kwenikweni n'china. Pampando woyandikana nawo pamakhala Mayi Dolores, omwe amuna awo anamwalira, ndipo kwa zaka zambiri mkuluyu wakhala akuzengereza ndi mawu ake owafunsira, podalira kutalika kwa masewera. Masiku ano wotchi ija inafupikitsa masewera, ndipo akamati atsegule pakamwa, anthu amakhala akunyamuka kale.

Loweruka lina masana, Mayi Dolores anawaona akungomeza malovu. "Bambo inu, mnyamata uyo akachedwa kuponya amamulanga. Nanga inu adzakulangani ndani?" Analoza wotchi ija. "Ikangotha iyo, ine ndikupita kwathu."

Mkuluyo anaona manambala akutsika, thukuta lili kamukamu. "Tikwatirane!" anafuula, mwamphamvu moti woponya uja anacheuka, nthawi n'kumuthera, woyimbira n'kumulanga. Bwalo lonse linaphulika ndi chiseko.

"Mwampweteketsa mwana wa eni," anatero mayiwo akupukuta misozi, "koma ndalola."