Chikhadabo Changa Chatsala M'matope a ku Ngara

Lachiwiri lapitali chikhadabo changa chidathyokera m'munda wa mpunga wa apongozi ku Ngara, ndipo ndidakalipa mpaka akakowa onse adauluka.

Musaseke. Chikhadabocho ndidachilera ngati mwana.

Ndikuphunzira gitala kwa bulazala wina wachizungu wa ku mishoni. Si gitala yathu ija yokhwapula pamowa ayi. Iyi nsambo zake n'zanayiloni, ndipo umazikodola imodziimodzi ndi zikhadabo za dzanja lamanja. Lamulo lidaletsa amuna tsitsi lalitali, za zikhadabo silidanene kanthu, ndiye ndidasunga, ndikumazipala ndi sandipepala.

Nyimbo yake ndi imodzi yokha, yachikondi, ya ku Sipeini, yopanda mawu. Bulazala akuti amene adaipeka sadziwika. Ine ndimaganiza kuti adali munthu wolemera pakamwa ngati ine. Zala zimazungulira pansipansi ngati madontho a padenga la udzu mvula itangokata, pamwamba pake liwu limodzi likuyenda ngati mlendo wotsazika amene sakufuna kupita. Ndikatsinzina ndimaona zenera lotsegula, nsalu ikugwedezeka ndi kamphepo, pansi pake mwamuna ataima chipewa chili m'manja. Ku Sipeini sindidafikeko, koma zeneralo ndikulidziwa.

Ndinkafuna kudzawaimbira mayi a Lusekelo, mkazi wanga. Mawu okoma sandituluka ine. Owerenga tsamba lino mukundidziwa.

Koma kwawo zikhadabozi zidawavula. Mlamu wanga akandiona amati, "Alamu afika, tsekerani anapiye." Apongozi adafunsa mwana wawo ngati kalaliki wakeyu akudwala, kapena waiwala kumene mpunga umachokera.

"Bambo a Lusekelo, chaka chino kowokera mupita," adatero mkazi wanga. "Ndatopa kukuyankhirani."

"Nanga nyimbo?"

"Nyimbo yanuyo tidzaphika?"

Ndidafuna kunena kuti nyimboyo ndi yawo. M'malo mwake ndidamenyetsa chitseko.

Kumunda ndidapita. Ndisanamalize n'komwe mtolo woyamba wa mbande, chikhadabo choimba liwu lapamwamba lija chidatsala m'matope. Mawu amene ndidanena sangalembedwe m'nyuzi.

M'mawa mwake ndidanyamula gitala kukabweza. Bulazala adangoseka. Adati kwa eni nyimbo komweko mkangano wa oimba ndi zikhadabo ndi oimba ndi mnofu wa chala ngwakalekale, ndipo katswiri wina wamkulu atakalamba adadula zikhadabo zake zonse, kufuna liwu lofatsa. "Dulani zotsalazo," adatero, "muyambirenso." Ndidadula, gitala n'kubwerera nayo kunyumba.

Tiuzane zoona, abambo anzanga. Adatinamiza ndani kuti kumveka n'kukweza mawu? Kuofesi timabangula, kunyumba timabangula, mwana akabweretsa madzi timabangula. Tikafuna kusonyeza chikondi timasaka chinthu chachikulu, chooneka, chakutali, pamene mkazi akungofuna kuti tiime pambali pake m'matope abale ake akuona. Ine ndinkalota zenera la ku Sipeini, mwini zenera langa akutsitsa nkhope pakati pa anthu akwawo.

Dzulo masana ndidakhala pakhonde, mayi a Lusekelo akupeta mpunga. Ndidaimba ndi zala zong'ambika ndi matope. Liwu lidatuluka laling'ono, lozungulira, moti ndidachita kuweramira gitala kuti ndilimve. Ndidalakwitsa kangapo, koma sindidakalipe. Mpata wake padalibe.

Lichero lidaima.

"Ndi yomwe ija?"

"Yomweyo."

"Yayi. Ija inkakalipa ngati eni ake. Iyi ikupempha."

"Ikupempha chiyani?"

Adapukuta manja pachitenje, nkhuku zikudya mpunga wawo iwo osazithamangitsa. "Yambiraninso, ndimvetsetse."

Alamu, atsegulireni anapiye, Loweruka ndikubwera kudzamaliza ndime yanga. Nanga inu abambo anzanga, chikhadabo chimene mukuleracho, kwanu akuchimva ngati nyimbo?