Mtanda Umene Ndinakana Kuumba

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, mu Fomu 2 cha ku Nsaru uko, pamene ndinakumba dzenje la zinyalala chifukwa cha kanthu kosaoneka ndi maso. Inde, kusekondale ndinapondako ine, musandione kugulitsa mtedzaku.

Aphunzitsi athu a sayansi, a Gwaza, anatiuza za metheni, mpweya uja umatuluka ndowe zikamaola. Anati kachidutswa kake kali ndi atomu ya kaboni pakati ndi mahaidirojeni anayi m'mbali, iliyonse yogwiridwa ndi maelekitironi awiri. Awiriawiriwa, akuti, amadana ngati akazi a pamitala: amakankhana mpaka atatalikirana kotheratu. Kenako anajambula mtanda pabolodi, nati tikauumbe ndi dothi ndi timitengo.

Anzanga onse anabwera ndi mitanda yogona chagada. Ine ayi. Mayi akamaweruka kumunda thobwa litatha, ankamanga zipanda zinayi m'khosi ndi luzi limodzi, ndipo sizinkagona choncho. Zitatu zinkakhala pansi ngati mafuwa, chachinayi n'kuloza kumwamba. Ndinaumba zomwezo.

"Iwe, kodi aka n'kampando ka agogo ako?" anafunsa a Gwaza.

"Aphunzitsi, munati amadana, eti? Nanga odana angasiye malo onse akumwambawa n'kumapanikizana pansi?"

Kalasi inafa nacho chiseko, khutu langa n'kupotokoledwa. "Kaphwanye uumbe za pabolodi. Apo ayi, dzenje lofika m'chiuno!"

Ndinasankha khasu. Masiku atatu ndikulimbana ndi katondo wouma gwa wa mu Okutobala, matuza akuphulika m'manja. Kampando kanga ndinakakhazika pachulu, ndipo a Gwaza akamadutsa ndinkakapatsa moni mokweza: "Mwaswera bwanji, a Metheni?" Anandiwonjezera tsiku lachinayi.

Sukulu ndinaisiya chaka chomwecho, ulimi wa fodya utandiitana. Koma chaka chathachi mdzukulu wanga Tadala, akuwerengera mayeso, anandionetsa metheni pafoni. Kampando kanga kaja, kakuzungulira mwamatama!

"Agogo, mtandawo n'kajambulidwe chabe," anatero. "Pabolodi simungaloze kumwamba."

Tsopano ndikumvetsa: a Gwaza anatiphunzitsa zoona, koma anakhulupirira choko kuposa mawu awo omwe. Ine ndinangowamvera kuposa mmene anadzimverera eni ake. Kupepesa sindinapepese, ndipo malemuwo akonzekeretu: tsiku lodzawapeza kumeneko, ndidzanyamula zipanda zinayi ndi khasu lawo.