Odi Pakhomo Lililonse

Dzina loti Mai Odi anawapatsa ndi anthu a mumsewu mwawo, ndipo sanawapatse chifukwa chowakonda ayi. M'mawa uliwonse, ena akutsuka m'kamwa, ena akukalipira ana kuti afulumire kusukulu, mayiwa ankatulukira chikwama chili m'khwapa n'kuyamba kugogoda zitseko, kuchokera kumtunda kwa msewu mpaka kumunsi. Odi kwa wometa. Odi kwa wamakala. Odi kwa aphunzitsi, odi kwa make mapasa. Sankadumpha khomo ngakhale limodzi, ngakhale la munthu amene anatukwanizana naye dzulo lake.

Ntchito yowadyetsa inali yosoka. Makina awo akale ankakhala pakhonde, ndipo masana onse ankalimbana ndi mazipi oduka ndi mathalauza a ana asukulu obooka m'mawondo. Zogogoda zitsekozi zinali ntchito ya chipatala, yongodzipereka. Anesi anawaphunzitsa, n'kuwapatsa chikwama, ambulera ndi sikipa yolembedwa kumsana, nkhani n'kuthera pomwepo. Udindo wawo unali wopita kwa odwala chifuwa chachikulu tsiku lililonse, kuwapatsa mapiritsi n'kuima pompo mpaka atameza, kwa miyezi isanu ndi umodzi yathunthu. Matendawa ndi achinyengo. Munthu akamwa mankhwala mwezi umodzi kapena iwiri amayamba kudya bwino, n'kudziyesa wochira, n'kusiya. Ndiye akamabweranso kachiwiri amabwera atalusa.

Amuna awo, okonza njinga pamphambano, sankatopa kuwaseka.

"Mayi a ana, odwala anu mumsewu muno ndi owerengeka. Nanga zitseko zinazo mumakasakako chiyani? Nsapato zikutha ngati za mesenjala."

"Nsapato ndi zanga, mapazi ndi anga," ankayankha choncho uku akumanga mpango kumutu. "Inu limbanani ndi machubu anuwo."

Chifukwa chake bambowo ankachidziwa, kungoti kucheza kwawo kunali komweko. Mai Odi anali ndi mchimwene wawo, kalipentala wa manja abwino, amene anadwalapo chifuwa chomwechi. Wodzipereka wa nthawi imeneyo ankabwera pa njinga ya chizindikiro cha chipatala n'kuitsamiritsa pakhomo pa kalipentalayo m'mawa uliwonse. Sabata isanathe msewu wonse unali utadziwa. Ofuna mipando anayamba kukapangitsa kwina, ana akuletsedwa kukatola tizidutswa ta matabwa pamenepo. Kalipentala anauza wanjingayo kuti asiye kubwera, azimwa yekha. Sanamwe. Anamuika m'manda mvula isanagwe. Akuti manyazi anapha lambe, koma Mai Odi ankati manyaziwo sapha okha, amachita kuthandizidwa ndi maso a anthu.

N'chifukwa chake atalowa ntchitoyi, sikipa ija anaipinda n'kuiika pansi penipeni pa sutikesi, ndipo anayamba kugogoda paliponse. Uku atule thalauza, uku afunse ngati mwana wagona bwanji, uku angopempha madzi akumwa. Kwa wodwala ankakhala nthawi yofanana ndi kwa wina aliyense. Amiseche ankawatsatira ndi maso mpaka khosi kuwawa, koma osadziwa kuti mapiritsi atsala nyumba iti. Zimenezo zinkawasangalatsa Mai Odi kuposa malipiro amene sankalandirawo.

Chaka china anesi anawapatsa wodwala watsopano, mtengwa wa kumpanda kwa Alandilodi. Alandilodi anali mayi wamasiye amene anamanga yekha mzere wa zipinda za lendi, njerwa ndi njerwa, n'kuzungulitsa mpanda wokhala ndi geti la malata. Sanali munthu woipa, kunena zoona, koma mpanda umenewo ankaukonda kuposa mmene ena amakondera ana awo. Mwana wawo wamwamuna ankayendetsa mathiraki a maulendo ataliatali, kubwera kunyumba mwa apo ndi apo ngati mlendo. Mkazi wakeyo, kamtsikana kochepa thupi, kosalankhulalankhula, ndiye ankasesa bwalo, kukolopa khonde ndi kuchapira apongozi ake.

Tsiku loyamba mtengwayo anawagwira Mai Odi dzanja kuseri kwa bafa.

"Anti, chonde mapiritsiwo muzisunga ndinu. Amayi amalowa kuchipinda kwanga, amafufuza mpaka pansi pa matiresi. Akadziwa andibweza kwathu, ndiye kwathuko chipatala chili kutali zedi."

"Koma mwana wanga, a m'nyumba mwako akuyenera kukayezetsa nawonso."

"Abwere kaye amunanga. Ndidzanena iwo alipo."

Mai Odi sanakondwe nazo, koma anavomera. Anangomulamula kuti azigona zenera lili lotsekula, ndipo akamatsokomola azitseka pakamwa ndi kansalu. Kuyambira pamenepo, akafika pampandapo ankapereka moni kwa Alandilodi, kuzungulira zitseko za alendi onse, kenako n'kudandaula ludzu. Mtengwa ankabweretsa kapu ya madzi kuseri kuja, mapiritsi n'kusintha manja. Masabata anapita. Chifuwa chinaleka, masaya anayamba kubwerera, ndipo tsiku lina Mai Odi anamumva akuimba uku akukolopa. Mtima wawo unakhala m'malo.

Chinawaulula ndi pilo. Mankhwala amenewa amafiiritsa mkodzo, thukuta ngakhalenso misozi, ndipo mtsikana wokhala ndi apongozi mwamuna ali kutali misozi siimusowa. Nsalu yoyera ya pilo wake anaichapa n'kuiyanika pachingwe, koma madontho ofiirira sanachoke. Mlendi wina, amene anadwazikapo mwamuna wake matenda omwewa, anaima n'kuyang'anitsitsa. Madzulo asanafike anali atawatsina kale khutu Alandilodi.

M'mawa mwake Mai Odi anapeza geti lotseka, eni ake ataima kutsogolo kwake manja ali m'chiuno.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Moni wanuyo mukapatse ena. Mwandipusitsa mokwanira. Mumalowa muno ngati munthu wabwino, chonsecho mwanyamula matenda m'chikwama!"

"M'chikwamamu muli mankhwala, amayi. Matendawo ndinawapeza momwemo."

"Alendi anga akamva athawa onse. Mundidyetsa ndinu ndi kamakina kanu kaja?"

"Mwanayo wamwa mankhwala nthawi yaitali, panopa sangapatsirenso munthu. Woopsa ndi amene akutsokomola osamwa kanthu. Ndipo inuyo ndi alendi anuwo mukayezetse, n'zaulere."

"Ine? Ndikayezetse ine?" Alandilodi anaomba m'manja n'kuseka chiseko chopanda chimwemwe. "Tamverani. Mwana wanga akangofika, ameneyo akupita kwawo. Pakadali pano satuluka, inunso simulowa. Odi wanu wathera pano."

Geti linatsekedwa, loko n'kulira. Mai Odi anapsa mtima moti anayenda mpaka kuchipatala osamva kuti dzuwa likuwotcha. Anesi anawamvera chisoni, koma anali okha ndi mzere wa odwala wofika panja. Analonjeza kuti apita kukalankhula ndi Alandilodi kumapeto kwa sabata. Kumapeto kwa sabata! Ngati kuti chifuwa chimadziwa kudikira. Tsiku limenelo linadutsa mtengwa osameza kanthu, ndipo mapiritsi ake anagona m'chikwama. Madzulo kunyumba, Mai Odi anakankha mbale ya chakudya osaikhudza.

"Mwayesetsa, mayi a ana," anatero amuna awo, ulendo uno osaseka. "Mpanda ndi wa eni ake."

"Mpanda ndi wawo, inde. Nanga msewu ndi wa ndani?"

Kutacha anatenga kampando, singano ndi diresi la munthu lofunika kupinda m'munsi, n'kukakhala moyang'anizana ndi geti, pafupi ndi mpopi umene msewu wonse unkatungapo madzi. Azimayi anali atandanda kale ndi ndowa ndi zigubu zawo. Anayamba kukodolana ndi zigongono.

"Mai Odi, lero mwasamutsira shopu kuno?" anafunsa make mapasa.

"Kapena kuli maliro amene sitinamve?" anawonjezera wina, anzake n'kuseka chamumtima.

Mai Odi anangopitiriza kusoka. Singano inkalowa n'kutuluka, koma mtima unkawawawa, chifukwa ankaona bwinobwino chimene akuchita. Zaka zonsezi anatha nsapato pobisa makomo a odwala, ndipo lero iwo eni anali atakhala ngati chikwangwani choloza khomo limodzi. Anali atasanduka njinga ija ya pakhomo pa mchimwene wawo. Kangapo konse anafuna kunyamuka. Koma akanyamuka, mtsikanayo akanadziwa bwanji kuti mankhwala ake ali panja pomwepa, akumudikira? Anakhazikika, n'kukweza mawu ngati akulankhula ndi diresi lija.

"Ine ndili pompano. Sindikupita kulikonse. Mawa ndidzakhalanso pompano."

Dzuwa litakwera pang'ono, kuseri kwa mpanda kunamveka phokoso. Mlendi wina ankatuluka ndi njinga yake kupita kuntchito, ndipo geti litatseguka, mtengwa anatulukira pambuyo pake. Analibe ndowa. M'manja mwake munali kapu yokha. Alandilodi anathamanga kuchokera pakhonde, patapata mmodzi n'kutsalira m'njira.

"Iwe mtsikana! Ukangodutsa getili usadzalowenso muno. Wandimva?"

Mtengwa anaima, mwendo umodzi uli mkati, wina kunja. Anatembenuka n'kuwayang'ana apongozi ake, mwaulemu wake womwe uja.

"Ndakumvani, amayi."

Anadutsa. Pampopi panangoti zii, madzi okha ndiwo ankamveka akusefukira m'chigubu cha munthu amene anaiwala kutseka. Mtsikanayo anapita molunjika, azimayi n'kumupatukira, ndipo anatunga madzi m'kapu yake. Mai Odi anaimirira msangamsanga n'kumunong'oneza.

"Tiye kuseri kwa golosale uko, mwana wanga. Pano pali maso."

"Ayi anti, pompano. Ndatopa kumwera kuseri kwa bafa ngati ndaba."

Mai Odi anamuyang'ana. Mtsikanayo anali atatambasula kale dzanja. Aka kanali koyamba kuti Mai Odi atsekule chikwama chija pagulu. Anatulutsa kapaketi, n'kukankhira mapiritsi m'chikhatho chake.

Mtengwa sanameze nthawi yomweyo. Anakweza dzanjalo kuti onse aone, ndipo mawu amene anthu sankawamva ngakhale popereka moni anamveka mpaka kwa wometa.

"Ndikudwala chifuwa chachikulu. Awa ndi mankhwala ake. Ndinayamba kale kumwa, ndipo ndimaliza. Wofuna kukanena akanene bwino, asawonjezere."

Anameza limodzilimodzi, mosafulumira, n'kumaliza madzi onse. Make mapasa anayang'ana pansi. Wina anakokera mwana wake kumbuyo, wina ananyamula chigubu chosadzadza n'kuchoka, koma ambiri anangoima. Palibe anaseka.

Geti linamenyetsedwa. Patapita kanthawi, chikwama cha zovala chinauluka pamwamba pa mpanda n'kugwera m'matope a pampopi, nsapato ziwiri n'kutsatira, ina uku ina uko. Mai Odi anawerama n'kutola zonsezo. Anapukuta matope ndi nsalu yawo, n'kusenza chikwamacho pamutu, kampando kali m'dzanja. Anali okwiya, analinso onyada, moti sanadziwe kuti atukwane kapena alulutire.

Mphamvu za mtsikana uja zinathera pomwepo. Anayang'ana geti lotseka, anayang'ana kapu imene inali m'manja mwake, misozi n'kuyamba kutsika.

"Anti, nanga mawa mukandipeza kuti?"

"Ndikakupeza kuti? Ine ndilibe nthawi yosakasaka munthu. Udzuka m'nyumba mwanga. Tenga diresi la eni akelo, usaliponde. Tiye."