Foto Imene Ndidaponya m'Gulu

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku sekeretariya, ofesi ya alembi, ya sukulu ina ku Ulongwe. Yanga idali yolowetsa mapepala a aphunzitsi mu komputadoro. M'mawa wina wa chisanu, sistema, pulogalamu yosungiramo mapepalawo, idakana kusunga pepala la apulofesora ena, mayi ophunzitsa masamu, amene ankapempha masiku opuma chifukwa chodwala. Ndikadina, pankangotuluka kabokosi kofiira.

Alembi a masukulu tidali ndi gulu lathu pa foni, ndipo momwemo mudalinso tekiniko wa ku Tete amene ankatithandiza makina akavuta. Ndidajambula galasi lonse la komputadoro n'kuponya fotoyo m'gulumo, ndikupempha kuti andithandize msanga. Kenako ndidatuluka kukaothera dzuwa.

Pobwera ndidapeza tekiniko aja ayimba katatu. Nditawayankha sadakweze mawu.

"Fufutani foto ija, bambo. Pansi pa kabokosi pakuoneka dzina la mayiwo, ndi matenda awo."

Ndidafufuta nthawi yomweyo, koma foni idandionetsa kuti ambiri adali ataiona kale. Tekinikowo adandifotokozera mofatsa kuti chimene ankafuna ndi mawu a m'kabokosi okha, chimene ndidadina vuto lisanabuke, ndi nambala ya sistema yolembedwa pakona. Adati ndikafuna kujambula ndiziyamba ndaphimba mayina, ndipo ndizitumiza kwa iwo okha. Vuto lenilenilo adalikonza tikulankhula pomwepo. Ndidali nditalemba tsiku molakwika.

Matenda aja adali amene anthu satchula mokweza. Sabata isadathe, nkhani idafika kumsika. Kutchalitchi, benchi imene mayiwo ankakhala idayamba kukhala ndi malo. Ana a m'kalasi mwawo ankanong'onezana iwo akatembenukira ku bolodi.

Ndinkadikira tsiku limene adzabwere kudzandikalipira, ndipo mwina ndinkalifuna. Sadatero. Adabwera patapita miyezi iwiri kudzatenga kalata yowasamutsira ku sukulu ya kufupi ndi Domwe. Adaima patsogolo pa tebulo langa, atafunda nsalu ya kapulana pamapewa, n'kudikira kuti ndidinde. Ndidatsegula pakamwa kuti ndipepese, koma iwo adandidula.

"Mulembe bwino, a sekeretariyo. Kumene ndikupitako asadziwe msanga."

Ndidawaonanso kamodzi kokha. Ndidali m'shapa, minibasi yonyamula anthu, imene idaima pa Domwe, iwo ali pa mulu wa mbatata akusankha, ataonda mpaka ndidawazindikira ndi maimidwe. Shapa idakhala pamenepo nthawi yaitali ikudikira anthu. Ndikadatha kutsika. Ndidangoweramira pa chikwama changa.

Za maliro awo ndidamva kwa mlembi mnzanga, atayikidwa kale. Sindidziwa ngati kusamuka kuja kudawatalikitsa ndi chipatala chimene adazolowera, kapena ngati akadapitabe ngakhale ine ndikadapanda kujambula. Sindidafunsepo munthu. Pepala lawo likadali mu sistema, ndipo ndikamafufuza mphunzitsi wina wa dzina loyamba ndi chilembo chomwecho, lawo ndi limene limayamba kutuluka.