Nkhope ya bambo Fackson

Makapu anayi a ufa: umenewo ndiwo unali mtengo wa felemu limodzi la chithunzi mu 2008, ndalama zitasanduka mapepala wamba. Ine ndinkagula mafelemu m'makomo ku Dzivarasekwa kuno n'kukagulitsa m'tauni.

Mayi Esinati, a mumzere mwathu, anali nawo asanu. Anabadwira pafamu ya fodya, makolo awo anali obwera m'dziko lino kuchokera ku Dedza. Atathamangitsidwa pafamupo anafika kuno ndi amuna awo, bambo Fackson, zithunzi atazikulunga m'bulangete. Bambowo sanakhalitse, anamwalira chaka chotsatira.

Chipinda chawo cha lendi chinali chimodzi, koma khoma lake linali ndi dongosolo. Pamwamba panali Yesu. Pansi pake bambo Fackson, atavala jekete yobwereka kwa kapitawo. Ana atatu anali m'munsi motsata kubadwa. Loweruka lililonse mayiwo ankapukuta magalasi ndi nyuzipepala yonyowa.

Njala itakula anandiitana. Anayamba kugulitsa mafelemu a ana, akuti anawo ali moyo, adzajambulitsanso. Kenako la Yesu. La amuna awo anakhala nalo mpaka mvula itayamba.

"Tenga thabwa ndi galasi, mwanangu," anatero tsiku limene anandigulitsa felemulo. "Munthuyo undisiyire."

Zithunzizo anazimata pakhoma ndi phala, chilichonse pamalo pake, monga momwe ankamatira nyuzipepala m'nyumba za kufamu. Koma kufamu moto unkayaka m'nyumba, utsi n'kumathamangitsa tizilombo. Kuno ankaphikira panja.

Kolera itagwira mwana wawo wamkazi ku Kuwadzana, anatseka chitseko n'kupita kukadwazika. Mwanayo anachira. Pobwerera anapeza mphemvu zitadya phala lija n'kuboola mapepala. Pa chithunzi cha bambo Fackson panatsala jekete ndi khutu limodzi. Chithunzi china cha bambowo kulibe.

Ndinawapeza atakhala pabedi, akuyang'ana khomalo. Sanalire. Anandiuza kuti mphemvu nazonso zinali ndi njala, sangazide.

"Koma nkhope yawo yayamba kundithawa," anatero. "Ndikatsinzina ndikungoona jekete."

Ku Mbare kuli bambo Severino, amene amajambula nkhope pa zikwangwani za ometa tsitsi. Ndinakawafotokozera. Ati sajambula munthu amene sanamuonepo, koma ngati pali wofanana naye ayesa. Clemence, mwana woyamba wa mayi Esinati, anatengera bambo ake chipumi ndi mphuno. Maso ndi pakamwa mayiwo adzafotokoza okha, zisanawathawe zonse. Mayi Esinati akukayika. Akuti mwina padzatuluka Clemence wokalamba chabe.

Felemu la bambo Fackson lija sindinaligulitse, lidakali pansi pa tebulo langa. Loweruka m'mawa tikwera kombi ya ku Mbare atatu, ine, mayi Esinati ndi Clemence, titanyamula felemulo ndi chidutswa cha chithunzi chija cha jekete.